Soketi Yachiwiri M'chipinda cha Lendi

Chipinda cha lendi ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George nthawi zambiri chimakhala ndi babu limodzi kudenga ndi soketi imodzi pakhoma. Amene anamanga ankaganizira za wailesi ndi ayironi basi. Lero m'chipinda chomwecho muli TV ndi dikoda yake, kafiriji, ketulo, chitofu cha mbale ziwiri, fani ndi mafoni a banja lonse, ndipo zonsezi zikuyamwa pa soketi imodzi ija kudzera mu adaputa yomwe yaberekanso adaputa inzake. Nthambo zadutsa pansi pa mpando, zakwera pamsomali, ina yatulukira pazenera kupita ku kantemba kapanja. Choncho munthu akanena kuti akufuna kuwonjezera masoketi, komanso kuti TV ya kuchipinda chogona ikhale ndi polowetsa eriyo pakepake, akunena zanzeru, ndipo ine ndili mbali yake. Soketi yomangidwa bwino pakhoma iposa kutali mulu wa maadaputa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchitoyi timaiyesa yaing'ono, ya aliyense amene ali ndi sikuludiraiva ndi tepi yakuda, pomwe nkhani yeniyeni siili pakhoma pamene soketiyo ikhale. Ili kuseri kwa khomalo: waya amene adzaidyetse ndi wonenepa bwanji, akuchokera kuti, ndipo zinthu zikavuta n'chiyani chidzadule moto.

Makomboni athu sanamangidwe mofanana. Matero inamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, nyumba zake zili m'mizere. Mtendere inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma litadula mapuloti kuti anthu adzimangire okha. Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga zinakula zokha, anthu akumanga pamene apeza malo, mpaka lamulo la mu 1974 linatsegula njira yoti malo otere avomerezedwe ndi kukonzedwa. World Bank inathandiza ku George ndi ku Chawama m'zaka za m'ma 1970, Ajeremani nawo ku Kalingalinga m'zaka za m'ma 1980. Koma ntchitozo zinali makamaka za madzi, misewu ndi mapepala a malo. Malaiti analowa pambuyo, nyumba ndi nyumba, mwini puloti akapeza ndalama: nyumba imodzi, mita imodzi. Kenako mwini nyumbayo anamanga chipinda kumbuyo, chaka chinacho zipinda zina ziwiri, mpaka mudadada unakwana. Chipinda chatsopano chilichonse chinatenga waya kuchipinda choyandikana nacho. Ndiye lero mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi alendewera pa waya amene anakokedwa kuti atumikire banja limodzi, ndipo soketi yanu yatsopano idzalowa pamzere womwewo.

Soketi siibweretsa magetsi. Ili ngati mpopi: mukaika mipopi itatu pa paipi imodzi yopyapyala, madzi sachuluka ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti paipi ikalemedwa madzi amangotuluka pang'onopang'ono, pomwe waya sakana. Amapereka zonse zimene mwapempha, kwinaku akutentha mkati mwa khoma kapena pamtanda wa denga pomwe simukuona.

Mawerengero ake ndi osavuta. Magetsi a ZESCO amalowa m'nyumba ali mavolti 230. Soketi ya mabowo atatu amakona, yomwe tinatengera kwa Angelezi, inapangidwa kuti inyamule maampu 13, kutanthauza pafupifupi mawati 3,000. Ketulo imodzi imadya mawati ngati 2,000, omwe ndi maampu pafupifupi 9. Ayironi imadya pakati pa 1,000 ndi 2,000. Chitofu cha mbale ziwiri, zonse zikayaka, chimapyola 2,000. Hita yoviika m'ndowa yotenthetsera madzi osamba ili m'gulu lomwelo. Pomwe TV ya masiku ano ya mainchi 32 imadya mawati ngati 50, dikoda osafika 30, tchaja ya foni pang'ono zedi. Mutasonkhanitsa TV, dikoda, kafiriji ndi matchaja khumi, simufika ngakhale theka la ketulo imodzi. Apa ndiye pagona nkhani: chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa chimalemera, zoonera ndi zomvera zimapepuka. Soketi zinayi zatsopano pakona ya TV sizisautsa waya. Soketi imodzi yokha ya pakona yophikira ikhoza kuwotcha nyumba. Ndipo kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi katundu: maampu akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. N'chifukwa chake waya amene wakhala bwinobwino zaka zisanu amasungunuka tsiku limodzi, pamene oyandikana nawo chipinda agula chitofu.

Amisiri odziwa ntchito amasiyanitsa mawaya ndi kunenepa kwake. Wa 1.5 ndi wa mababu. Wa 2.5 ndiye wa masoketi. Chitofu chachikulu cha uvuni chimafuna wa 6, wochokera mwachindunji ku DB, kabokosi ka ma breaker a nyumba, wosagawana ndi china chilichonse. Ndipo waya aliyense ali ndi breaker yomuyenera: wa mababu ya maampu 6 kapena 10, wa masoketi wongopita mbali imodzi ya 20, wozungulira nyumba n'kubwereranso ku DB ya 30 kapena 32. Cholakwika chofala kwambiri m'makomboni ndi kutenga moto wa soketi pa switchi ya babu kapena pa babu penipeni, chifukwa ndi pafupi ndipo sipafunika kugumula khoma. Soketiyo imayaka ndithu, foni imatchajika, aliyense amakhutira. Koma yakhala pa waya wopyapyala, nthawi zambiri wopanda earth, ndipo tsiku lina wolowa lendi watsopano, yemwe sakudziwa mbiri yake, adzalumikizapo ketulo. Choipa kuposa apo ndi kukoka soketi ndi kanthambo kamawaya awiri kamene kanapangidwira masipika.

Palinso waya wachinyengo. Kunja amaoneka wofiirira ngati kopa, chikopa chake chalembedwa 2.5, koma mukapala ndi mpeni mkati mumayera: ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Amapepuka m'manja, amathyoka mukamupinda kangapo, ndipo amatentha msanga kuposa kopa weniweni wonenepa mofanana. Zambia ndi dziko la kopa, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA yomwe imapanga mawaya, choncho wabwino alipo m'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni. Amadula, inde. Koma chipinda chimodzi chimafuna mamita ochepa chabe, ndipo pa zonse zimene mungachepetsepo ndalama pa ntchitoyi, waya asakhalepo. Pogula, pemphani kachidutswa mupale nokha wogulitsa akuona.

Soketi zambiri sizipsa chifukwa cha katundu yekha, zimapsa chifukwa cha polumikiza polobodoka. Mukamasula soketi yomwe yakhala ikununkha pulasitiki wopsa, mudzaona bowo limodzi lada m'mphepete mwake, kawirikawiri la kumanja komwe kumalowa moto. Kuseri kwake kasikulu kogwira waya kamakhala kodera, ndipo mukakagwedeza ndi chala waya amasuntha. Chikopa cha waya, chofiira ngati ndi wakale kapena chabulauni ngati ndi watsopano, chimakhala chouma pafupi ndi sikuluyo, mukachikhudza chimayoyoka. Pamenepo moto unali kudumpha kampata kakang'ono miyezi yambiri, kuthetheka pang'onopang'ono, ndipo breaker sinagwe chifukwa maampu sanapyole muyeso. Zomwezo zimachitika pamene mawaya awiri angopotedwa pamodzi n'kukulungidwa tepi kudenga. Tepi imamatuka ndi kutentha kwa malata mu Okutobala, makoswe amamaliza zotsalazo. Polumikiza paliponse pafunika cholumikizira cha masikulu m'kabokosi kotsekedwa, pamalo poti mmisiri wina adzapaone, ndipo waya woyenda pakhoma alowe mu paipi yake kapena m'kangalande kapulasitiki.

Breaker anthu ambiri amaida chifukwa imagwa nthawi yophika. Mudzamva wina akuti, “Ba landilodi, breaker iyi ndi yofooka, tiikepo yaikulu.” Ndipo amapezeka mmisiri wochotsa ya 20 n'kuika ya 40. Kuyambira tsikulo malaiti sagwanso, ndipo chitetezo chatha. Breaker siiteteza ketulo kapena TV, imateteza waya, ndipo muyeso wake umatsata kunenepa kwa wayayo. Ikamagwa kawirikawiri ikukuuzani kuti mzerewo wadzaza, ndipo mankhwala ake ndi mzere wina watsopano wochokera ku DB. Fyuzi ya m'pulagi nayonso ili ndi ntchito yomweyo pa nthambo ya chipangizo. Kuikapo kachidutswa ka waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kuchotsa mlonda womaliza. Za kulowetsa mawaya osenda m'mabowo a soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi sindifuna n'komwe kuzikometsera: pulagi ndi chinthu chotchipa kuposa bandulo ya sabata, ndipo m'nyumbazi mumakwawa ana.

Waya wachitatu, wobiriwira kapena wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, ndi amene amasiyidwa kawirikawiri, chifukwa zinthu zimayaka ngakhale iye palibe. Ntchito yake imaoneka tsiku limene waya wamoto wakhudza chitsulo cha firiji kapena cha chitofu. Ngati earth ilipo ndipo yafikadi pachitsulo chokhomeredwa m'nthaka, moto umathawira kumeneko ndipo breaker ikhoza kugwa. Ngati palibe, chitsulocho chimadikira dzanja la munthu. Firiji yomwe imaluma pang'ono mukaigwira opanda nsapato isatengedwe ngati khalidwe lake. Komanso breaker wamba siigwa msanga moti n'kupulumutsa munthu amene wagwidwa. Chimene chimatero ndi chija amati earth leakage kapena RCD, chomwe chimadula moto chikangoona kuti mamiliampu 30 asochera. Chili ndi kabatani koyesera, ndipo mukakadina nyumba yonse iyenera kuthima pomwepo. Pa mudadada wa mabanja asanu, chipangizo chimodzichi ndi chofunika kuposa soketi zonse zatsopano zitaphatikizidwa.

Ku Kanyama nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Komboniyi inakhala pa thanthwe, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikalimba madzi amalowa m'nyumba, monga zakhalira kuyambira chigumula chotchuka cha mu 1978. Soketi ya kumeneko siyoika pafupi ndi simenti. Ikwere, ifike m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kupyola, ndipo ekisitenshoni isagone pansi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Thanthwe lomwelo limavutitsa pokhoma chitsulo cha earth. Ena akagunda mwala amangodula chitsulocho n'kukwirira kachidutswa. Earth yotere ndi ya dzina chabe, ndipo m'chilimwe nthaka ikauma siigwira ntchito.

Kuthimathima kwa malaiti kwasintha nkhani yonseyi. Magetsi ambiri a Zambia, oposa magawo 80 pa 100, amachokera ku madzi: Kariba North Bank ya mamegawati 1,080, Kafue Gorge yakale ya 990, Kafue Gorge Lower ya 750, ndi zina zing'onozing'ono. Mvula ikavuta, mdima umabwera. Tinauona mu 2015, tinauonanso mu 2019, koma wa 2024 unaposa. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, ndipo pofika mu Seputembala madera ambiri ankalandira malaiti maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ana akangofuula kuti abwera, puloti yonse imadzuka: uyu ayironi, uyu ketulo, uyu chitofu cha nyemba, uyu hita m'ndowa. Akatswiri powerengera mawaya a nyumba amayembekezera kuti zipangizo sizidzayaka zonse nthawi imodzi. Lodi shedingi inathetsa chiyembekezo chimenecho. Katundu wa tsiku lonse amapanikizidwa m'maola atatu, pa waya mmodzi, ndi pa thiransifoma imodzi ya dera lonse. Moto wina umayamba mwanjira ina: malaiti anapita chitofu chili choyatsa, munthu anaiwala n'kuponyapo nsalu, ndipo anabwera banja lili m'tulo. Pa chifukwa chimenechi soketi zatsopano zikhale zokhala ndi switchi, ndipo ya TV ndi ya firiji zikhale ndi gadi ija yochedwetsa moto mphindi zingapo ukangobwera, chifukwa mphindi zoyambazo mphamvu imakwera ndi kutsika mosakhazikika.

Mdima womwewo unalowetsa sola, mabatire ndi ma inverter m'makomboni, boma litachotsanso misonkho pa zipangizo za sola. Ndiye nyumba zambiri tsopano zili ndi magetsi amitundu iwiri, a mavolti 230 ndi a batire a mavolti 12. Pano tingaphunzire kwa anthu amene anazolowera zimenezi kale: eni makalavani a ku Ulaya ndi ku South Africa, tinyumba tokokedwa ndi galimoto topita nato kutchuthi. Kalavani ikafika pamalo ogona imalumikizidwa ku mtengo wa magetsi wa mwini malowo, womwe umapereka maampu 10 kapena 16 basi, ndipo mwini kalavani amadziwa kuti ngakhale awonjezere masoketi angati, akayatsa ketulo ndi hita pamodzi breaker ya pamtengo igwa. Mkati mwake muli kabokosi kakekake ka ma breaker ndi RCD, ndipo mizere iwiriyo, ya batire ndi ya 230, siikumana: mawaya ake ndi osiyana, masoketi ake ndi osiyana maonekedwe. Chipinda cha lendi chili pamalo omwewo, chikulandira moto wa mwini wake ndi malire ake, kungoti malirewo palibe amene anawalemba.

Anthu amayesa kuti mavolti 12 alibe ngozi popeza sagwira munthu. Sagwira, koma amawotcha. TV ya mawati 60 pa magetsi a ZESCO imakoka gawo limodzi mwa magawo anayi a ampu imodzi, pomwe pa batire imakoka maampu 5. Mavolti akachepa, waya ayenera kunenepa ndi kufupika, ndipo pafupi ndi mutu wa batire pafunika fyuzi, chifukwa batire ya galimoto mawaya ake akagundana imatulutsa mphamvu yofiiritsa waya m'kanthawi kochepa. Musagwiritse soketi wamba ya mabowo atatu pa mzere wa batire, chifukwa tsiku lina wina adzasokoneza. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti chitheretu: nthambo ya mapulagi mbali zonse ziwiri, yolowetsera moto wa jenereta kapena wa inverter mu soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto poyera. Mukaiwala kugwetsa switchi yaikulu, moto wanu umabwerera ku mawaya a panja n'kukapha wantchito wa ZESCO amene akukhulupirira kuti mzere wazima, ndipo malaiti akabwera inverter yanu imaphulika. Njira yake ndi changeover switch, yomwe siilola magwero awiriwo kukumana. Wosakwanitsa kuigula aike soketi ziwiri kapena zitatu zapadera zochokera ku inverter, zosakhudzana n'komwe ndi mawaya a nyumba.

Makontena osandutsidwa mashopu, malo ometera ndi timabokosi ta mobile money ali pafupi kwambiri ndi kalavani, popeza thupi lawo lonse ndi chitsulo. Waya wodutsa pabowo la lata popanda mphira wotchinga amadyeka pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene wadyeka kontena yonse imakhala ndi moto, chitseko ndi mashelefu omwe. Thupi la kontena lilumikizidwe ku earth, ndipo ngati imasunthidwa, mawaya ake akhale a timinga tambiri ofewa, osati a mtima umodzi omwe amathyoka ndi kugwedezeka.

Nkhani ya TV ili ndi vuto lotembenuka. Pa magetsi kuwonjezera masoketi kukhoza kulemetsa waya, pa eriyo kumachepetsa chizindikiro. Kuyambira pa 1 October 2017, pamene kanema wa njira yakale anazimitsidwa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ZNBC ndi ma tchanelo ena a pano zimafika kudzera pa dikoda. TopStar, yomwe ndi mgwirizano wa ZNBC ndi kampani ya ku China ya StarTimes, ndi GOtv, yomwe inayambira ku Zambia konkuno mu 2011, zimagwira ndi eriyo ya pamtengo. DStv imafuna dishi. Kale chizindikiro chikafooka chithunzi chinkachita mchenga koma mpira tinkaonerabe. Cha dijito sichitero: chimaoneka bwino mpaka pamalire ena, kenako chimaduka timabokosi, kuuma, n'kuzimiririka. Ndiye kutaya pang'ono pokha kukhoza kukugwetserani kuseri kwa malirewo.

Eriyo imodzi ikhoza kudyetsa madikoda awiri kapena atatu, koma kudzera pa splitter, kabokosi kachitsulo kolowa kumodzi n'kutuluka kuwiri, osati kupota mawaya pamodzi. Splitter ya njira ziwiri imapatsa mbali iliyonse zosafika theka la chizindikiro, ya njira zinayi zosafika gawo limodzi mwa anayi, ndipo imatero ngakhale TV inayo ili yozima. Choncho musagule ya mabowo ambiri kuposa amene mukufuna. Ngati chizindikiro chili kale pamalire, busita iikidwe pafupi ndi eriyo, splitter isanafike, chifukwa ikaikidwa kumapeto imangokuza phokoso. Nthambo yake ikhale RG6 yokhala ndi ukonde wokwanira mkati, ndipo isayende m'paipi imodzi ndi waya wa magetsi. Zolephera zambiri zili kumutu kwa nthamboyo. Mukasenda, pakati pamatuluka kawaya kamodzi kakopa, kozunguliridwa ndi thovu loyera, kenako pepala lonyezimira ndi ukonde wa timinga. Timingato tonse tipindidwire kumbuyo mutu wachitsulo usanapotedwe. Kamodzi kokha kakatsala n'kukhudza kawaya kapakati, chizindikiro chonse chimafa, ndipo munthu amakwera padenga kukatembenuza eriyo yomwe ilibe mlandu.

Dishi ndi nkhani ina. Dikoda imatumiza mphamvu yake ku LNB, kamutu kamene kali kutsogolo kwa dishi, mavolti 13 kapena 18 malinga ndi tchanelo chimene mwasankha. Madikoda awiri akagawana LNB ya khomo limodzi kudzera pa splitter wamba amalimbana, ndipo wina amataya matchanelo. Pafunika LNB ya makomo awiri, kapena ija yopangidwira madikoda angapo, ndi mmisiri wa madishi wodziwa kuitchera. Tisaiwalenso kuti polowetsa eriyo pachiwiri sipabweretsa matchanelo paokha. TV yachiwiri ifuna dikoda yake ndi malipiro ake, pokhapokha mutagwiritsa XtraView ya DStv, yomwe imalumikiza madikoda a nyumba imodzi pa malipiro amodzi ndi kandalama kowonjezera. Madikoda okhala ndi potulukira pa RF akhoza kutumiza chithunzi ku TV ina, koma onse adzaonera tchanelo chimodzi.

Polowetsa nthambo m'nyumba, bowo lipendekere kunja, ndipo nthamboyo iyambe yatsika pang'ono isanakwere kulowa, kuti madzi a mvula adonthere pansi m'malo motsata nthambo mpaka mu dikoda. Isapanikizidwe pakati pa lata ndi khoma, lata limadula. Ndipo poimika mtengo wa eriyo yang'anani kumwamba musanaunyamule. M'makomboni mawaya a ZESCO amadutsa motsika pakati pa madenga, ndipo paipi yachitsulo ya mamita asanu ikapendekeka m'manja mwa munthu amene waima pa malata, sipakhala mwayi wachiwiri. Nthawi ya mphezi zulani eriyo pamodzi ndi pulagi. Kuzimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu.

Zonsezi mmisiri akhoza kuzikonza. Chovuta kwambiri ndi chakuti waya ali ndi mwini wake, ndipo amene amagona pafupi nawo ndi munthu wina. Wolowa lendi safuna kuwononga ndalama pa khoma la eni, popeza mawa akhoza kuuzidwa kuti asamuke, ndiye amagula ekisitenshoni yoti adzanyamule. Landilodi safuna masoketi ambiri chifukwa akuopa kuti mayuniti azitha msanga, ndiye amaletsa zitofu, ndipo zitofu zimabisidwa pansi pa bedi n'kutuluka usiku. Mita imodzi ija imawonjezera mkangano. Mitengo ya ZESCO imakwera ndi kuchuluka kwa mayuniti ogulidwa pa mwezi: oyamba amatchipa kuti osauka apepukidwe, otsatira amadula. Koma mabanja asanu akamagula pa mita imodzi, gawo lotchipalo limatha m'masiku oyamba a mwezi, ndipo anthu omwe thandizolo linapangidwira ndiwo amagula pa mtengo wokwera. Apa ndikuona kuti ZESCO ndi bungwe loyang'anira za mphamvu la ERB ali ndi ntchito: kupeza mita yachiwiri ndi yachitatu pa puloti imodzi kukhale kosavuta ndi kotchipa. Pamene tikudikira zimenezo, landilodi woganiza bwino angathe kukokera chipinda chilichonse waya wakewake kuchokera ku DB, ndi breaker yake, ndi kamita kakang'ono kowerengera zimene chipindacho chadya. Akatero chipinda chimodzi chikadzaza chimagwa chokha, ndipo aliyense amalipira zake. Ndalama ya soketi yatsopano ikhoza kuchotsedwa pa lendi ya mwezi umodzi, poti soketiyo idzatsala ndi nyumba. Kudumphitsa mita, kapena kugulitsa moto kwa a puloti ina ndi nthambo yokwiriridwa m'dothi, ndi mlandu, ndipo nthambo zoterezo ndi zimene zimagwira ana akamasewera m'madzi a mvula.

Amisiri abwino alipo m'makomboni momwemu, ambiri anaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja ovomerezeka ndi TEVETA, ena ndi olembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Kufunsa pepala si chipongwe. Koma ngakhale musanaone pepala, mmisiri amadziwika ndi kumene wayambira. Wabwino asanakhudze khoma amafunsa kuti mudzalumikizapo chiyani, amapita ku DB kukaona ma breaker, amatsata waya kuti adziwe zipinda zingati zili pa mzerewo, amagwetsa moto n'kuyesa ndi chipangizo kuti wazimadi, popeza pa mudadada breaker yolembedwa chipinda chanu ikhoza kukhala ya chipinda china. Akamaliza, musanamulipire, akuonetseni zinthu zitatu: kuti waya wamoto ndi wa neutral sanasinthane, kuti earth ya soketi yatsopanoyo yafikadi ku DB, ndi breaker imene imazimitsa soketiyo. Ilembeni dzina ndi cholembera chosafufutika, ndipo aliyense wamkulu m'nyumbamo aidziwe.